Pampu ya Mayi wa Anyezi

"Banki yathu ndi yolimba ngati thanthwe," anatero bwana wa banki ya alimi akukonza tayi, mokweza kuti onse pamzere amve.

Mayi wina wamasiye, amene anthu ankangomutchula kuti Mayi wa Anyezi, anayang'ana kudenga. Thanthwelo linkadontha, ndipo pansi pake anali atatchera beseni.

Chaka chimenecho mayiyu anali atagwa chagada. Mvula inadula, chimanga cha ngongole chinapserera. Pampu yothirira imene anasiya malemu amuna ake inali kuseri kwa banki ngati chikole, pamodzi ndi njinga za alimi anzake. Akalephera kubweza, pampu yapita, dimba lafa, ana asiya sukulu.

"Musadzivute alamu," anatero mchimwene wa malemu. "Bankiyi ikugwa. Ngongole ifera konko."

"Ikagwa igwera pampu yanga," anayankha.

Anayamba kuthirira anyezi ndi ndowa mpaka matuza anasanduka zipsera. Tsiku la msika ankapatukira kubanki kukapereka moni, maso ali kuseri. Njinga zinkachepa. Mlonda anachotsedwa ntchito. Mipando inapita kokakonzedwa, osabwerako. Kenako pampu nayo inasowa.

"Taisunga pabwino, mayi," anatero bwana, osamuyang'ana.

Pabwinopo anapapeza yekha: padimba la apongozi a bwana, pampu ikuthirira kabichi mwakhama. Anangobwerera kwa anyezi wake. Wangongole akakuwa, anthu amati akuthawa kubweza.

Anyezi anakhwima. Anagulitsa, nadikira tsiku lomwe banki inadzaza ndi alimi ofuna ngongole ya feteleza. Anaika ndalama zobweza ngongole patebulo, onse akuona.

"Tiyeni mu ofesi, mayi," ananong'ona bwana.

"Ayi bwana, pompano. Werengani mokweza, makutu angawa ndi okalamba."

Bwana anawerenga, thukuta lili kamukamu. Zinakwana.

"Tsopano pampu yanga. Kapena tidikire kabichi wa apongozi akhwime?"

Kenako mkulu wina kumbuyo anafunsa mwaulemu za njinga yake.

Dzuwa lisanapendeke, bwana anatulukira atanyamula yekha pampu, tayi ili paphewa, matope mpaka m'mawondo. Mayiyo anaiyendera mbali zonse ngati mbuzi yogula, n'kuthokoza.

Lero dimba lake limalemba aganyu, ndipo ana ali pasukulu. Beseni lija likadali pamalo pake.

Inu amene mwagwa chagada, osataya mtima. Thanthwe likamadzitama, yang'anani kudenga, koma ndowa yanu musaitule.