Chala Chimene Ndimapinda

Gitala ndinaiphunzira mochedwa, ndili kale mayi wa ana awiri, ndipo mpaka lero ndimaiimba molakwitsa. Polakwikapo ndikupadziwa bwinobwino. Amene amandilangiza kuti ndikonze ndimangowathokoza.

Masiku amenewo ndinkagwira ntchito ya m'nyumba ku Queenswood, ndikugona m'kachipinda ka kuseri kwa galaja. Achimwene anga, amene anandiitanitsa ku Joni, ankasamalira gadeni ku Faerie Glen. Lamlungu lililonse masana ankabwera pa takisi, gitala itakulungidwa m'pepala lakuda lotayira zinyalala kuti mvula isaipeze. Chaka chawo choyamba pantchito, makina otchetchera kapinga anawadula chala cha mphete cha kumanzere, nkutsala kachitsa chabe. Ankaimbabe gitala ndi zala zotsalazo, ndipo ine ndinali nditazolowera moti sindinkaonanso kuti pali chosowa.

Anali ndi nyimbo yawoyawo, yopanda mawu, yopanda dzina, imene anaipeka bambo athu atamwalira. Sinali pa kaseti iliyonse. Chaka chimene anayamba kutsokomola ndi kuwonda, kolala ya malaya ikuwakulira, anandiuza kuti mitengo ya majakaranda ikangoyamba maluwa akwera basi kupita kumudzi.

"Gitala ndikusiyira iwe," anatero. "Koma gitala ndi thabwa chabe. Nyimbo ija uitenge ndisanapite, apo ayi ndipita nayo."

Tonse tinkadziwa kumene ankanena, koma palibe anatchula. Ndinachita mantha, ndipo mantha anga amatulukira m'kukwiya.

Ndinali wophunzira woipa, ndisaname. Tsiku loyamba anandidula zikhadabo ndi lezala, zimene ndinkazisunga ngati chuma, poti ndi zikhadabo zazitali waya sungaudinde. Kenako linali vuto la kugoneka zala. Ndikadinda waya umodzi, mimba ya chala inkakhudza woyandikana nawo, ndiye m'malo molira unkangoti phu.

"Imika chala, chemwali. Dinda ndi nsonga. Ukusita zovala kodi?"

Ndikaimika, ndinkadinda kutali ndi kachitsulo kopingasa ka pakhosi la gitala, waya nkumanjenjemera ngati ntchentche m'botolo. Ndikasendera pafupi, ndinkafinya khosilo mpaka dzanja kuchita dzanzi.

"Eish, ukuipha nkhukuyo! Masula dzanja. Siithawa."

Chinandizunza kwambiri chinali madzi. Woimba gitala amafunika nsonga za zala zilimbe, koma ine sabata yonse manja anali m'sinki ndi m'ndowa ya mopu. Khungu likati liyambe kukhwima, pofika Lachitatu linali litafewanso, ndipo Lamlungu mawaya ankandicheka ngati ndikuyamba kumene. Magolovesi adona anandigulira, koma ndinkawaona ngati za anthu aulesi. Ndinayamba kuwavala chifukwa cha gitala.

Ndiye panali kusintha makiyi, ndiko kuti kaikidwe ka zala pa mawaya. Ndinkagwira kiyi yoyamba, nkuima, nkuweramira dzanja kusaka kumene chala chilichonse chipite, dzanja lamanja litangoti njo. Achimwene ankati dzanja lamanja lisamaime ngakhale lamanzere litasochera. Lamlungu lina atabwereza zimenezi kachisanu, ndinaponya gitala pabedi.

"Mundisiye! Ine ndinabwera kudzachapa, osati kudzakhala woimba. Pitani nayo nyimbo yanuyo."

Anakhala pang'ono akupezera mpweya, kenako anadzuka kukadikira takisi, gitala anaisiya pomwepo. Sabata yotsatira sanabwere, anali chigonere. Lamlungu loponya gitala lija ndinalitaya ndi pakamwa panga, ndipo limandiwawa mpaka pano.

Atabweranso, misewu inali itayamba kale kuchita bii ndi maluwa ogwa. Mawu anali atawathera, kotero sanandikalipirenso. Tinkakhala maso ndi maso, iwo pabedi, ine pa chitini cha penti, akuimba pang'onopang'ono, ine maso ali pa dzanja lawo. Akatha ankandipatsa gitala, ine nkuchita chimodzimodzi. Tsiku lomaliza ndinafika pakati pa nyimbo nkusochera. Anangonong'ona kuti, "Yalowa. Yotsalayo idzatuluka yokha."

Anakwera basi ija, ndipo anakamwalira kumudzi mvula isanathe. Kumaliro sindinapite, chifukwa masiku anali atandithera m'pasipoti ndipo ndikanatuluka sindikanalowanso, ana kumudzi akanadya chiyani. Ndinalira ndikupukuta mawindo a eni ake.

Zinanditengera chaka ndi miyezi, ndikuyeserera nthawi yopuma masana, koma nyimbo ija inatulukadi yonse. Nthawi zina ndikaimba ndinkatembenukira kukhomo ngati munthu waima pamenepo ndi pepala lakuda m'manja.

Patapita zaka waya wina unaduka, ndipo anthu anandilozera kwa bambo wina wa ku Machinga amene ankasoka nsapato ku Eersterust, komanso ankadziwa za magitala. Ataika waya anati ndiyese. Ndinaimba nyimbo ya achimwene, poti ina ndinalibe. Anamvetsera maso ali pa dzanja langa.

"Amayi, chala ichi chinavulala?"

"Ayi, abambo. Bwanji?"

"Nanga mukuchipindiranji m'kati? Muli ndi zala zinayi apa, mukugwiritsa zitatu. Waya uwu ukungolira wokha osadindidwa. Ndiponso apa mukuima pachabe, nyimbo ikudukiza."

Ndinayang'ana dzanja langa ngati la munthu wina. Chala cha mphete chinali chitapindikira m'chikhatho, pakuoneka kachitsa chabe. Zaka zonsezo sindinadziwe.

Bamboyo anali wokoma mtima. Anandiwongola chala, nkuchiika pamalo pake, ndipo kiyi inalira bwino kuposa kale lonse. Ndinabwerera ku Queenswood ndikunyadira, nkuyeserera masabata atatu mpaka ndinatha kuiimba nyimbo ija yonse mosadukiza, waya uliwonse ukumveka mbee. Inali nyimbo yokoma ndithu. Koma nditaimaliza sindinatembenukire kukhomo. M'chipindamo munali ine ndekha, ndi bedi, ndi chitini cha penti. Apo ndiye ndinachita mantha enieni, poti ndinaona kuti achimwene ndawaika m'manda ine ndemwe, ndi chala chimodzi.

Ndinapinda chala chija. Poyamba chinkakana, chitazolowera kale malo atsopano, ndipo ndinaganiza kuti mwina zatheratu. Ndinabwereza mpaka waya wosadindidwa uja unayambanso kulira pansi pa anzake. Nditafika pamene bambo uja anati ndimaima pachabe, dzanja linaima lokha, ndipo ndinakumbukira chimene chinkachitika pamenepo masabata omaliza aja. Ndi pamene achimwene ankaima kuti atsokomole.

Ndinawadikira atsokomole, kenako tinapitiriza.