Jambo wa Azungu ndi Malaya Anga Awiri

Ndinali woperekera zakudya pa hotela ina kufupi ndi Nkopola. Sukulu ndinalekera sitandade sikisi, koma Chizungu chogwirira ntchito ndinali nacho. Palibe mlendo amene anandiuza chinthu kawiri.

Azunguwo Chizungu chawo sankachiyankhula chokha. Ankathiramo timawu tachilendo ngati mchere. Poyamba kudya ankati bonapeti. Akakhuta n'kukagona masana ankati siyesita. Tikayandikira ife, ankasinthira ku Chiswahili: jambo, asante, polepole. Timawuti ankatitola m'mabuku a nthano amene ankawerenga atagona pamchenga. Mayi wina anandionetsa tsamba. Mawu onse anali oongoka, koma achilendowo opendekeka ngati bango pamphepo. Kwa iwo munthu wakuda aliyense, wa ku Chembe kaya wa kutsidya kwa nyanja zamchere, amamva jambo.

Manijala wathu, mzungu wamfupi wosuta kaliwo, anatisonkhanitsa kukhitchini.

"Mlendo akati jambo, inunso muziti jambo. Amasangalala."

Anzanga anavomera. Ine ayi. Kwathu timati moni.

Chiswahili ndinkachidziwa pang'ono, osati cha m'buku. Amalume anga anayenda pa ngalawa za matanga ali mnyamata, ndipo akakwiya ankatikalipira m'Chiswahili.

Tsiku lina mzungu wa kabudula, wofiira ndi dzuwa, anandikuwira jambo uku akuomba m'manja ngati akuitana nkhuku. Mtima unandiwawa. Ndinamufunsa m'Chiswahili ngati chambo akuchifuna chootcha kapena chokazinga. Ndinkayesa kuti akhala chete. M'malo mwake anakondwa, anaitana anzake, nandiuza kuti ndibwereze mokweza. Ndinabwereza.

Patebulo la pakona panali munthu wa suti yakuda, wakuno konkuno. Ankabwera kawirikawiri, kumwa botolo limodzi, osadya kanthu. Ntchito yake ya ukazitape tonse tinkaidziwa. Masiku amenewo, dziko lakumpoto loyankhula Chiswahili ndi kumene ankathawira anthu amene chipani chinkawatcha zigawenga. Wa sutiyo anandikodola.

"Achimwene, Chiswahili chokoma chotere munakachiphunzira kuti?"

"Kwa amalume, bwana."

"Amalumewo ali kuti?"

"Kumanda."

"Manda a dziko liti?"

"Akuno, bwana."

Anamwetulira. "Tidzacheza bwino."

Kucheza kwa anthu amenewa tinkakudziwa. Wotengedwa ankapita ndi zimene wavala, ndipo kundende za kumtunda kumazizira. Choncho m'mawa mwake ndinavala malaya awiri ndi juzi mkati mwa jekete loyera la ntchito. Unali mwezi wa Okutobala, mchenga ukuwotcha mapazi.

Sindinkatha kuima malo amodzi. Galimoto ikalira pachipata ndinkapita pawindo. Ikakhala ya alendo ndinkabwerera kumatebulo, n'kupitanso pawindo. Ndinkapukuta mafoloko opukuta kale. Mkazi wanga anafunsa za juzi, ndinamuuza kuti asamale ana. Alendo akati jambo ndinkangogwedeza mutu, thukuta likutsikira m'manja mwa jekete mpaka pathireyi.

Manijala anandiitana kuseri.

"Iwe, ukudwala?"

"Ayi, bwana."

"Nanga thukuta ili? Alendo akudandaula. Ndipo bwanji suwayankha jambo?"

"Mawu amenewo sindiwanenanso."

"Chifukwa?"

Wophika anali pafupi, akusenda anyezi pang'onopang'ono. Sindinkadziwa kuti nkhani zake amakauza ndani.

"Vula juziyo, uziti jambo, apo ayi chotsa jekete langa."

Ndinavula jekete. Ndinalipinda bwino n'kuliika pampando. Manijala anandipititsa kumaboti, kokankha ndi kunyamula zikwama za alendo. Kumeneko ndinkagwira ntchito m'madzi ofika m'chiuno, malaya awiri ndi juzi zitanyowa. Asodzi ankandiseka.

"Madala, mukudikira chisanu cha chaka chamawa?"

Ndinkangokankha maboti.

Mvula yoyamba itagwa, wa suti uja anabweranso. Ndinamuona ndili pamchenga. Ndinaimirira kuti adzanditenge ndili chilili. Sanatsike. Anakhala pakhonde ndi mayi wachizungu amene anali ndi buku pamiyendo. Mayiyo anamupatsira ndudu, iye anawerama n'kunena mokweza kuti asante. Onse awiri anaseka. Ponyamuka anayang'ana kunyanja, maso ake anandidutsa ngati ndine chikhomo chomangira boti. Anali atandiiwala.

Tsiku lomwelo ndinavula juzi ndi malaya achiwiri, ndinaziyanika pamphepete pa boti. Pamsana panali patatuluka zilonda. Manijala anamva kuti ndavula, anatuma uthenga kuti jekete lilipo ngati ndili wokonzeka kupereka moni umene alendo amaukonda. Ndinabweza uthenga kuti maboti andizolowera.

Ndinakalambira kumabotiko. Alendo ankakwera akukuwa jambo, ine ndinkati moni, n'kukankha.