Kanyali Kofiira ka Make Tamara

Aliyense wa mu layini yathu ku Kawale akukumbukira tsiku lomwe Mayi Tusekele Mwalwimba anagwera mu ufa wa eni. Nyumba yawo ili kumunsi, pamalo otsetsereka, ndipo netiweki ya foni imangodutsa pamwamba pa denga ngati khwangwala. Malo okhawo omwe inkagwira anali pakona ya mpanda wa bango kuseri, komanso pamenepo pankafunika kukwera pa chinthu. Mayiwo anali ndi ndowa yawo yapulasitiki yomwe ankaizondotsa n'kuimapo, dzanja lina pampanda, lina litakweza foni m'mwamba. Tsikulo ankayankhula pa vidiyo ndi mwana wawo Tamara, yemwe ndi namwino ku Ireland, ndowa n'kutopa nawo. Inangoti phwaa, mpanda nawo n'kugonja, mayi athu thapsa pamphasa pomwe oyandikana nawo, Abiti Harun, anayanika ufa.

Anadzuka ali mbuu kuyambira kuduku mpaka kuzidendene, foni ikadali m'manja. Tsoka ilo, nthawi imeneyo n'kuti Tamara atapatsira foni mwamuna wake kuti apereke moni. Mkamwiniyo, mwana woleredwa bwino, anayang'ana apongozi ake oyera ngati mzukwa, n'kunena mwaulemu kuti, “Amayi, netiweki yavuta, sindikuona chilichonse,” n'kudula.

Abiti Harun anatulukira ndi chipande m'manja.

“Make Tamara, mwavulala?”

“Ayi, anzanga, ndapulumuka.”

“Ndiye dzukanipo, mwakhalira ufa wanga.”

Awiriwa akhala moyandikana kuyambira kale, ndipo umu ndi momwe amakondanirana.

Mayi Mwalwimba anabwera mu Lilongwe ali mtsikana, kuchokera ku Karonga, kutsatira amuna awo a Donald omwe ankayendetsa galimoto ya boma ku Kapitolo. Amati Chichewa chawo chinali chophwanyika moti kumsika ankangoloza ndi chala. Lero lino ndi iwo omwe amagonjetsa aliyense pa kunenerera. A Donald atamwalira, mayiwo anayamba kuitanitsa mpunga wa Kilombero kwawo n'kumagulitsa pamsika wa Kawale, ndipo ndi mpunga umenewo womwe unaphunzitsa Tamara mpaka kukwera ndege. Mukagula kwa iwo, amasesa pamwamba pa mbale ndi chikhato mosamala ngati akumeta mwana, kenako amakuponyerani timaso tingapo tabasela, n'kukuyang'anani kudikira zikomo.

Si ouma mtima, ayi. Pamaliro amayamba kufika ndi iwo, ndipo pakati pa amayi a umanyano, gulu la amayi akutchalitchi kwawo, palibe owaposa pa kuchereza. Koma pa kusamala katundu ndiye pali nkhani. Sofa yawo ikadali m'pulasitiki yomwe inabwera nayo. Rimoti ya TV imakhala m'kajumbo ka shuga. Chilichonse chomwe chili ndi chingwe chili ndi kansalu kake koluka, ndipo kuyambira chaka chomwe magetsi anabwera mwaukali n'kuwawotchera filiji, lamulo la nyumba imeneyo ndi limodzi: chomwe sichikugwira ntchito chizimitsidwe pakhoma. Mayunitsi omwe ena timamaliza pasabata, iwo amatha nawo mwezi, ndipo amanyadira zimenezi kuposa mendulo.

Pakona pa balaza pali foni yakale yapansi ija yomwe a Donald ankanyadira nayo. Inafa kalekale, akuba atakumba nthambo zake, koma imapukutidwabe Loweruka lililonse.

Ndiye chaka chino kampani ya mafoni inasintha makina onse kunyumba yake ya m'dera lathu, komwe nthambo zimakumanirana. Anyamata ovala zipewa zolimba anakumba ngalande m'mphepete mwa msewu n'kuyala chingwe chatsopano, ndipo panamveka kuti ofuna intaneti ya m'nyumba alembetse. Tamara atamva, ndipo atamvanso za ufa uja kwa mwamuna wake, yemwe anali ataona zonse bwinobwino, analembetsa amayi ake nthawi yomweyo. Anawatumiziranso thabuleti, chifoni chachikulu ngati sileti ya kusukulu, chosalowa simu khadi, chongodalira waifai.

Panali chifukwa chothamangira. Tamara anali atangobereka mwana wake woyamba, wamkazi. Mwambo umafuna kuti agogo akakhale pambali pa mwana wawo masiku amenewo, kusambitsa khanda ndi kulangiza, koma viza anawakaniza. Mdzukuluyo ankangomuona pa zithunzi zomwe zinkatsika theka, mutu kuoneka, miyendo ayi. Ndipo ubatizo unali utakonzedwa Lamulungu lomaliza la mwezi, pomwe mwanayo adzapatsidwe dzina la agogo ake, Tusekele. Tamara analonjeza kuti adzaonetsa mwambo wonse pa vidiyo. Mayi Mwalwimba, osadikira n'komwe, anaimirira pamsonkhano wa umanyano n'kuitana amayi onse kuti adzaonere kunyumba kwawo.

Amisiri anabwera, anaboola khoma, n'kusiya kabokosi koyera kokhala ndi tinyanga tiwiri. Analumikiza thabuleti ija, n'kulozera mayiwo kanyali kena.

“Mami, panopa kali kofiira. Akamaliza kukusamutsirani pa makina atsopano, kasanduka kobiriwira. Inu ndi kudikira basi.”

“Mpaka liti?”

“Posachedwapa, mami.”

Mawu amenewo tonse timawadziwa. Ndi omwe amanena kondakitala wa minibasi mukamufunsa kuti inyamuka nthawi yanji.

Galimoto ya amisiri isanafike pamsewu waukulu, Mayi Mwalwimba anali atazimitsa kale swichi yapakhoma. Kabokosi kopanda kanthu m'kati kadyerenji magetsi? Anakalukira kansalu kake, kokhala ndi mabowo awiri otulukira tinyanga, n'kukaika pambali pa foni ya malemu, ngati mdzukulu pamiyendo ya agogo.

Kudikira kunayamba, ndipo poyamba tinkadikira tonse. A Luckson ometa tsitsi pa okala yapakona analembetsanso, ndipo moni wa mu layini unasintha. Anthu sankafunsananso za kudzuka.

“Kwanu kwabiriwira?”

“Kukadali kofiira. Kaya kwanu?”

Mayi Mwalwimba anali ndi dongosolo lawo. M'mawa uliwonse asanapite kumsika ankavundukula kansalu, kuyatsa swichi, kuyang'ana. Kofiira. Thimu. Madzulo pobwera chimodzimodzi, ngati munthu wovundukula mphika kuona ngati nyemba zapsa. Kuyatsa, kusuzumira, kuzimitsa. Zonsezi zinkatenga nthawi yongokwanira kuyetsemula.

Kenako kwa a Luckson kunabiriwira. Okala inadzaza ndi anthu omwe analibe tsitsi loti amete, onse maso pa foni. Kunabiriwira kwa aphunzitsi a kuseri kwa tchalitchi. Kunabiriwira ngakhale kwa bambo wina yemwe analembetsa mochedwa kwambiri. Apa ndi pomwe Mayi Mwalwimba anayamba kuona kuti nkhaniyi ili ndi tsankho. Anavala chitenje chawo chapaulendo n'kukwera minibasi kupita ku ofesi ya kampani mtauni. Mtsikana wa pakauntala anagogoda kompyuta, n'kuwauza kuti atumiza lipoti. Anaimbanso foni ali pakona yawo ya mpanda, ulendo uno ataima pa njerwa.

“Mayi, kanyali kakuoneka mtundu wanji panopa?”

“Dikirani ndikaone.”

Anathamangira m'nyumba, kuyatsa, kusuzumira, kuzimitsa, kubwerera panjerwa.

“Kofiira, mwanawe. Kofiira ngati maso a chidakwa.”

“Pepani mayi, titumiza lipoti.”

Mu layini nkhani zinachuluka. Ena ankati chingwe chimatopa potsetsereka. A Luckson, omwe anali atasanduka katswiri, ankati vuto ndi mtengo wa mapeyala womwe uli pakhomopo. Mayi wina wa umanyano ananong'oneza kuti intaneti ingakane kulowa m'nyumba yomwe muli foni ya munthu womwalira, ndipo mawu amenewa atawafika eni ake, sanapatsane moni sabata yonse. Abiti Harun okha sanapereke maganizo, poti za makina sazidziwa, ndipo kabokosiko anali asanakaone n'komwe. Anangoti, “Mukafunanso kugwa, mundiuziretu ndichotse mphasa.”

Koma kuseri kwa nthabwala, mayiwo anayamba kuonda nazo. Kumsika anasiya kunenerera, ndipo munthu wina anapatsidwa basela kawiri osazindikira. Kwa Abiti anaulula pampanda kuti manyazi a umanyano angawapirire. Chomwe chinkawawawa n'chakuti mwana adzatchulidwa dzina lawo iwo osamva.

Lamulungu lija linafika. M'mawa anayatsa. Kofiira. Thimu. Anapita kutchalitchi ali ndwii, osalimba mtima kuuza anzawo kuti asabwere, ndipo mapemphero atatha amayi onse anawatsatira, zitenje zofanana, mzere mpaka pakhomo. Balaza inadzaza, pulasitiki ya sofa ikulira pansi pa alendo. Ubatizo unali woti uyambe masana omwewo.

Abiti Harun anabwera ndi beseni la masamusa, monga anapanganirana. Kwawo mayunitsi anali atatha kuyambira dzulo lake, foni yawo itazima, choncho analowa ndi chaja m'thumba. Popanda kupempha, poti pakhomopo ndi pawo pomwe, anasomeka chajacho pa ekisitenshoni yapakona, n'kudina swichi yapakhoma, n'kupita kukhitchini. Palibe anaona.

Mayi Mwalwimba anaimirira pakati pa balaza, manja atagwirana.

“Amayi anzanga, ndakuitanirani mphepo. Chinthu chija sichinabwere.”

Munthu wina ankatafuna samusa pang'onopang'ono. Kenako aNyaKaonga, mtsogoleri wa umanyano, anakonza duku lawo.

“Tusekele, takhala pansi. Ngati sitimuona mwanayo, timupempherere tili konkuno.”

Ofunika kudziwa n'chakuti aNyaKaonga akati tiyeni tipemphere, wanzeru amayamba wakaphula mphika pamoto. Anayambira pa khandalo, n'kupita kwa makolo ake, n'kudutsa kwa anamwino onse a ku Ireland. Anatembenukira kwa odwala a kuchipatala cha Central, kwa oyenda panjira ya Karonga, kwa alimi a mpunga, kwa opereka maviza kuti mitima yawo ifewe. Kampani ya mafoni nayo sanaisiye, anaipereka yonse, kuyambira bwana mpaka mtsikana wa malipoti. Miyendo inachita dzanzi. Amayi ena anayamba kuyankha Ameni pamalo olakwika pofuna kuthandiza.

Ali pakati potchula maboma a kumpoto limodzi limodzi, patebulo panamveka kulira. Ting'i. Ting'i ting'i ting'i. Thabuleti yomwe inangokhala chete ngati thireyi chibwerereni inali ikunjenjemera, mauthenga onse a mwezi wathunthu akugwa ngati matalala. Mayi Mwalwimba anatsegula diso limodzi. Kudzera m'mabowo a kansalu koluka, kanyali kanali kobiriwira ngati tsamba la mpiru.

ANyaKaonga anamaliza pemphero mwachidule koyamba m'mbiri ya mpingo. Asanati Ameni bwinobwino, thabuleti inayamba kuitana, ndipo Tamara anaonekera yense, wosaduka, ali pakhomo la tchalitchi, khanda lili m'manja.

“Amama, mukundiona?”

“Ndikukuona. Tasendeza uyo ndimuone, iwe ndinakuona kale.”

Mwanayo anayasamula pagalasi lonse. Amayi anaunjikana mitu, wina akuti mphuno ndi ya a Donald, wina akuti chipumi ndi cha agogo ake, wina akudzudzula kuti amuveka zopepuka m'dziko lozizira. Mkamwini anasuzumira n'kupereka moni, maso ali pansi. Thabuleti anaitsamiritsa pa chitini cha shuga, ndipo anaonera mwambo wonse osadukiza. M'busa wachizungu atafika pa dzina, analitchula pang'onopang'ono ngati akuwoloka mtsinje pa miyala, koma anawoloka. Nthungululu inamveka mpaka ku okala ya a Luckson. Mayi Mwalwimba sanaimbe nawo, anangokhala pansi n'kumapukuta maso ndi kansalu kakabokosi kaja, komwe anali atakavula osadziwa.

Mwambo utatha, amayi anagwirizana kuti ichi n'chozizwitsa, ndipo aNyaKaonga analandira ulemuwo modzichepetsa. Koma mwini nyumba, mwa chizolowezi, anapita pakona kuti akazimitse, n'kuima.

“Kodi swichi iyi wayatsa ndani?”

“Ndine,” anatero Abiti Harun ali pakhomo la khitchini. “Ndimatchaja foni. Ndikubwezerani mayunitsi anu, musadandaule.”

“Chiyambire nthawi ija ili chiyakire?”

“Nanga imayenera kutani?”

Apa Mayi Mwalwimba anafotokoza dongosolo lawo lonse, la m'mawa ndi madzulo, monyadira ndithu, ngati munthu wophunzitsa ana kusamala. A Luckson, omwe nthungululu ija inawakoka ndipo anali pawindo ndi samusa m'manja, anatsamwa. Atatsokomola anati kabokosi kameneka kakayatsidwa kamayamba ndi kufiira nthawi zonse, kamafuna kanthawi kuti kadzuke n'kupeza anzake kumakina, ndipo kwawo sanakazimitsepo chiikireni. Mwina nyumbayi inalumikizidwa tsiku limodzi ndi okala yawo.

Amayi a umanyano anayang'ana kudenga, ena m'makapu mwawo. Abiti Harun anazula chaja chawo, kutenga beseni lopanda kanthu, n'kuima pakhomo.

“Pemphero linali labwino, sindikukana. Koma Make Tamara, intaneti inafika kalekale, imangokupezani mwatseka chitseko. Mukanaphonya mdzukulu chifukwa choumira magetsi osakwana kuwiritsa dzira.”