Sinoo ya Malichi ndi Dowe wa Ababa

Anzanga, khalani pansi kaye, mafoni muike pathebulo. Inenso yanga ndaika, ndiye mudziwe kuti nkhani ilipo, chifukwa ine Yamikani kusiya foni sizichitikachitika.

Fomu folo sinandiyendere bwino, moti ndinkangokonza mafoni pakhonde la shopu ina pa Dedza boma, ntchito yodziphunzitsa ndekha poonera mavidiyo. Tsiku lina azakhali anga, amene ndi anamwino ku Leeds, anaimba. "Yami, ukalambira pakhondepo? Bwera kuno." Ndinavomera asanamalize n'kulankhula komwe. Mapepala atatheka, ababa anandiperekeza kudepoti atanyamula dowe mujumbo, chimanga chachiwisi chootcha, chikadali chotentha. Ababa si olankhulalankhula. Basi italira anangoti, "Ukadzafuna kubwera, udzabwere nthawi ya dowe." Ndinati eya, maso ali pafoni.

Ku Leeds ndinapeza ntchito kunyumba yosamalira okalamba. Kuwasambitsa, kuwadyetsa, kuwatembenuza pabedi. Ndalama ndinkatumiza ndithu, ya feteleza sinkaphonya. Koma kusungulumwa, abale! Pabasi anthu phee, aliyense maso pawindo, mvula yosatha ngati yaiwala njira yakwawo. Ndinkamvera mavoisi a achemwali anga a Tadala katatukatatu, kungofuna kumva nkhuku zikulira kumbuyoko.

Kuntchitoko kunali agogo ena aamuna, a Harold. Pakhoma anali ndi chithunzi chawo ali mnyamata, atavala matabwa aataliatali kumapazi, akutsetsereka paphiri loyera mbee ndi chipale chofewa, chimene kuno timangoti sinoo. Masewerawo amati sikii. Nditawauza kuti kwathu n'kumapiri, anandiyang'ana ngati ndawalakwira. "Mwana wa kuphiri, sunatsetserekepo? Ukudikira kuti ufike msinkhu wangawu?"

Basi matenda anandilowa. Pabasi, pa buleki, pamzere wa mushopu, ine pafoni kufufuza nyengo yabwino yopitira. France imafuna viza, ndiye ndinasankha mapiri a ku Scotland. Khirisimasi mitengo yake ndi yoti ungakomoke. Januwale n'kotchipa, koma kuzizira kwake n'kolusa ndipo dzuwa limalowa usanamalize kumanga nsapato. Pakati pa Febuluwale ana asukulu amakhala pa holide, phiri lonse ana okhaokha. Malichi kumawala, masiku atalikako, koma ukachedwa sinoo imasungunuka.

Tsono mumvetse apa. Pachaka ndinkakwanitsa ulendo umodzi wokha, livi yaitali imodzi, thumba limodzi. Kukhala kuphiri la sinoo kapena kumudzi. Ziwiri ayi.

Ndinawafotokozera ababa pa voisi, ndikuganiza kuti andikalipira. Yankho linabwera pafoni ya a Tadala. Ababa akamajambula voisi amakuwa ngati ndili kutsidya kwa mtsinje. "Yami! Ukundimva? Chipale chakocho, choyamba kugwa usachikhulupirire. N'chimodzimodzi chizimalupsa, mvula yoyamba ija yongozimitsa moto wa kutchire. Wobzala nayo amalira. Dikira chigwe, chigwenso, chikhazikike."

Ndinaseka mpaka misozi. Munthu woti sinoo sanaionepo n'kamodzi komwe! Kumayambiriro kwa Disembala ndinaona pafoni chithunzi cha phiri litayera, pompo livi ndatenga, sitima ndakwera. Anzanga, ndinakapeza chiyani? Matope. Udzu. Nkhosa zikundiyang'ana. Mvula inali itakokolola zonse, mipando ija yokweza anthu kuphiri itangolendewera. Sabata yonse ndinkamwa tiyi pawindo, nditavala jekete ya sikii yobwereka.

Voisi yotsatira ya ababa inalibe mawu. Kuseka kokhakokha, kutsokomola, kenako kusekanso. A Harold nditawamasulira za chizimalupsa anamenya tebulo. "Bambo akowo ndi katswiri! Anaphunzira kuti sikii?"

Ulendo wachiwiri, chaka chatsopano chitalowa, ndinamvera. Ndinapita kumayambiriro kwa Malichi, ana atabwerera kusukulu, sinoo itagwa n'kugwanso. Eee! Dzuwa lili ngwee, phiri mbee, ine kugwa chagada, kugwa chafufumimba, tiana ta zaka zisanu tikundidutsa ngati mphepo. Tsiku lachinayi ndinatsika phiri lonse osagwa, ndikukuwa m'Chichewa. Vidiyo ndinatumiza. A Tadala akuti ababa anaionetsa tchalitchi chonse, akuti, "Nthawi yake ndinamusankhira ndine."

Chaka chotsatira ndinapitanso. Chinanso ndinapitanso. Malichi aliyense, nthawi yeniyeni imene dowe amayamba kumunda kwathu. Ababa sananenepo kuti bwera. Ankangofunsa kuti, "Chakhazikika chaka chino?"

Amene anandidzutsa ndi a Tadala. Voisi yawo inali yaifupi. "Achimwene a kusinoo, nyengo za phiri la eni mwaziloweza ngati katekisimu. Ababa msana wayamba kuvuta. Ndangoti mudziwe."

Livi imene inatsala pa tchati cha mu ofesi inali ya Sepitembala. Ndinaitenga. Mundege monse mtima unkandiluma. Zaka zisanu, ndipo chinthu chimodzi chokha chimene anandipempha ndachiphonya. Sepitembala kumunda kumakhala mapesi okhaokha ndi fumbi.

Ababa ndinawapeza atafupika, akuyenda chowerama. Titapatsana moni ndinayamba kupepesa. "Ababa, ndikudziwa si nthawi ya dowe, koma kuntchito..."

"Vula nsapato zoyerazo. Tiye."

Tinatsikira kudimba, iwo patsogolo ndi keni yothirira, a Tadala pambuyo. Nditafika ndinangoima. Chimanga chinali ngati masitepe. Mzere woyamba changomera kumene, wachiwiri chofika m'bondo, wina m'chiuno, wina changaiyaye, wakumapeto ndevu zitauma, chokhwima bwinobwino choti n'kuthyola.

"Chimenechi n'chiyani?"

A Tadala ndi amene anayankha. "Chichokereni iwe, pakatha milungu iwiri iliyonse amabzala mzere. Chilimwe, dzinja, ngakhale m'Juni mozizira muja chikamakana kukula. Ndawaletsa mpaka ndatopa. Madzi amatunga okha, msana womwewu."

Ababa anali akuthyola kale, osandiyang'ana. "Nanga azungu akowo livi amapereka poyang'ana munda wanga? Ndinaona kuti mawu aja ndinakupanikiza nawo. Ndiye ndinati tsiku lililonse limene angatulukire, ikhale nthawi ya dowe."

"Nanga mizere ina yonseyo, zaka zonsezi?"

"Anadya ana a Tadala. Taona mmene anenepera."

Anasonkha moto pomwepo m'mbali mwa dimba, dzuwa lili paliwombo. Anaotcha dowe n'kundipatsa. Ndinkangotafuna, misozi ikugwera pachitsononkho. Ababa n'kumandifunsa ngati matabwa aja saterereka kwambiri m'mawa kusiyana ndi masana. Foni inali m'thumba, ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga sindinajambule.

Pano ndabwerera ku Leeds. Fomu ya livi ya chaka chamawa ili apa, sindinalembe mwezi. A Harold akuti sinoo ikubwerayi ikhala yochuluka kuposa kale lonse, ndisayerekeze kuphonya Malichi. Dzulo ababa atumiza voisi, akukuwa monga mwa masiku onse: "Yami! Pita kuphiri kwako, usadandaule, mzere ndabzala kale wina!" Kumbuyo kwa mawuwo ndikumva keni ikugunda pamwala, ndi mpweya wawo ukutuluka movutikira.

Ndawapempha kuti asiye kubzala, akana. Akuti adzasiya ndikadzawauza mwezi umodzi wodziwika, woti chaka chilichonse azindiyembekeza. Ndiye tandiuzani anzanga, mukanakhala inu, pafomupa mukanalemba mwezi uti?