Pulanta ya Apongozi

Chaka chimene ndinalowa chikamwini kwa Mnkhanya, njovu zinapasula nkhokwe ya apongozi anga. Zinawoloka Luangwa kuchokera tsidya lija, kumene boma linkazisunga ngati ana ake, ndipo mlonda wa nyama anafika ndi mfuti yake patapita masiku atatu, kudzaona ndowe. Chinapulumuka ndi chimanga chambewu chokha, chimene apongozi aakazi anali atachipachika pautsi m'khitchini. Titachitonola chinadzaza debe limodzi. Kopempha mbewu ina kunalibe, chifukwa njovuzo sizinadumphe khomo la munthu.

Apongozi aamuna anali atangobwera kumene kuchokera ku mafamu a kumtunda, kufupi ndi Fort Jameson, komwe anagwira ntchito zaka zambiri. Anzawo ankabwerako ndi njinga kapena bulangete. Iwo anabwera ndi pulanta yakale, makina obzalira mzere umodzi, imene mwini famu anali ataitaya kuseri kwa shedi. Anaipala dzimbiri, kuipaka mafuta, n'kuiika pakhonde kuti aliyense wodutsa aione. Anauza mudzi wonse kuti chaka chino pakhomo pawo palibe wobzala ndi khasu.

Pulanta imakokedwa ndi ng'ombe, koma kuchigwa kuno ng'ombe sizikhala, ntchentche za kashembe zimazimaliza. Ndiye ng'ombe inapezeka kuti ndine. Mkamwini watsopano sasankha ntchito, ndipo ine ndinali mlendo wochokera kumtunda, chilankhulo cha kuno, Chikunda, ndikuchimva mwa apo ndi apo.

Kwathu ndinkakonza njinga, choncho maso anga anathamangira pa tcheni. Makinawo ndi osavuta kuwamvetsa. Gudumu likamayenda limakoka tcheni, tcheni n'kuzunguza mbale yamabowo imene ili pansi pa chitini cha mbewu, ndipo bowo lililonse likafika pakamwa potulukira mbewu limagwetsa njere. Pali magiya awiri osinthika, lalikulu ndi laling'ono. Apongozi anali atamanga lalikulu kugudumu, laling'ono kumbale. Aliyense amene anapalasapo njinga akudziwa tanthauzo lake: gudumu likazungulira kamodzi, mbale izungulira kangapo. Komanso mabowo aja anabooledwa poyesa chimanga chachikuluchikulu cha kufamu, pomwe chathu chinali chanjere zazing'ono, zolowa ziwiri kapena zitatu m'bowo limodzi.

Koma ndikanauza ndani? Mkamwini sayimirira pamaso pa apongozi n'kuwauza kuti alakwitsa. Ife tikakumana panjira ndinkapatukira kutchire, ndipo moni ndinkapereka nditanjuta pataliko. Ndinauza mkazi wanga kuti magiya asinthanitsidwe, ndiponso kuti tiyese kaye pabwalo louma n'kuwerenga njere pa phazi lililonse. Iye anauza amayi ake. Amayi ake anadikira kuti bambowo adye kaye, kenaka anawauza mosamala kuti mwina makinawo akufunika kuwaonanso. Yankho linabwerera njira yomweyo, ndipo mkazi wanga anandipatsa akuyang'ana pansi. Akuti iwo ayenda ndi pulanta imeneyi zaka naini, ndipo mbewu si yothirira nkhuku pabwalo. Akutinso pulanta si njinga.

Ndinakwiya, sindibisa. Ndinaganiza zongotenga sipanala n'kusintha ndekha iwo atapita kudambo. Mkazi wanga anandigwira mkono n'kundifunsa ngati ndikufuna kubwerera kwathu mvula isanagwe. Anali ndi pakati pa mwana wathu woyamba. Sipanala ndinaibweza mu thumba.

Mvula yobzalira itagwa tinapita kumunda m'mawa. Anandimanga chingwe cha luzi pachifuwa, apongozi anagwira zogwirira kumbuyo, amayi awiri aja akutsatira ndi debe. Dothi la makande linkamata kumapazi moti phazi lililonse ndinkachita kulizula. Kumbuyo sindinkaona, koma makutu anali otsegula. Pulanta yoyenda bwino imalira modukiza, njere ndi njere. Iyi inkangoti wayawaya, ngati munthu akukhuthula chimanga m'lichero. Makinawo amakwirira okha, ndiye panalibe choti wina aone. Pobzala ndi manja munthu amamva m'zala kuti wataya zingati. Apa mbewu yathu inkapita pansi mobisika, ine mwini wake wa nkhawayo ndikuikokera komweko ndi chifuwa changa.

Pothira chitini kachitatu apongozi aakazi ananena motsitsa mawu kuti debe likupepuka msanga. Amuna awo anayankha kuti makina amadziwa okha muyeso. Ndinayesa kuyenda pang'onopang'ono, ngakhale ndinkadziwa kuti sizithandiza, popeza mbale imamvera gudumu, siimvera miyendo ya wokoka. Dzuwa lisanafike pamutu chitini chinalira chopanda kanthu. Tinali tisanafike ngakhale pa chulu cha pakati pa munda. Apongozi aakazi anapendeketsa debe n'kuligogoda, munagwa njere zinayi.

Patatha sabata chimanga chinamera chothithikana ngati nazale ya mpunga. Anthu odutsa ankaima n'kufunsa ngati tabzala udzu wofolerera nyumba. Tinayamba kupatulira, kuzula mbewu yathu yomwe ndi manja athu. Zozulidwazo tinayesa kuwokera kumtunda kwa chulu, koma dzuwa linawala masiku asanu otsatizana ndipo zambiri zinafota. Mkazi wanga ankawokera atagwada, mimba ili patsogolo, osandiyang'ana. Ndinkawerengera mumtima miyezi imene chimanga cha kachigawo kaja chingatifikitse, ndipo sinkafika pa nthawi yoti mwana ayambe kudya phala.

Tsiku lina masana apongozi aamuna anandiitana okha, osatuma munthu. Ndinanjuta patali monga mwa masiku onse, koma anandikodola kuti ndisendere. Pulanta inali pakati pathu, matope atauma pagudumu. Anakhala nthawi akusisita chitini.

"Apongozi," anatero pondiitana mwaulemu, "kufamu kuja ine ndinali kutsogolo, ndinkatsogolera ng'ombe. Zaka naini zonse. Zam'kati umu ankamanga ndi kapitawo, ine sindinagwirepo."

Anatulutsa sipanala n'kundipatsa ndi manja awiri. Ndinamva chisoni chimene chinaposa mkwiyo wanga wonse. Ndinamasula magiya aja n'kuwasinthanitsa, ntchito yosatha ngakhale nthawi yosuta fodya mmodzi. Poti mbewu kunalibe, tinatola timiyala ta mumtsinje n'kuthira m'chitini. Ndinakoka pabwalo louma, iwo akugwira kumbuyo. Timiyala tinagwa bwinobwino, apa kamodzi, phazi limodzi kutsogolo kena, mzere wowongoka mpaka pa nkhokwe yopasuka ija.

Apongozi anayenda motsatira mzerewo akuwerenga chamumtima. Atafika kumapeto anawerama, n'kuyamba kutola timiyalato kamodzikamodzi.