Ntchentche ya M'mphako ya ku Chowe

Ine kunenerera ndinabadwa nako. Malume atamwalira ndinanenerera nsalu ya sanda mpaka wogulitsa anandifunsa ngati malirowo analidi akwathu.

Chaka chimene feteleza anadula kwambiri, ndinayamba kupikula manyowa a mileme n'kumagulitsa kwa alimi a madimba ku Mangochi. Ku Chowe kunali mkulu wina amene m'munda mwake munali mlambe wamphako. Titamvana za matumba, anatulutsa mtolo wa udzu.

"Uwunso mugule. Mukatuluka mufukize zovala."

"Ambuje, ndi utsi womwe mwayamba kugulitsa?"

"Kaya, inu ndinu a m'tauni," anatero akubweza udzuwo.

Kunja dzuwa linali likuswa mtengo, koma m'mphakomo munali mdima wozizira, wonunkha mkodzo. Pamwamba mileme inali lende, ikunong'onezana ngati anthu pasiwa. Ndinadzaza matumba, ndikudzitama kuti nkhalamba ndaigonjetsa.

Mawa lake linali Lachisanu. Tikutuluka mumzikiti, kasitomala wanga wamkulu, mlimi wa tomato, anandigwira mkono.

"Achimwene, musagwedezeke."

Kanthu kofiirira kanatuluka m'kofia yanga, kanathamanga chammbali ngati nkhanu, n'kuima pakhosi. Anakatola ndi kamtengo. Anthu anaunjikana.

"Kangaude ameneyu."

"Miyendo yaperewera. Ndi nsabwe."

"Nsabwe yothamanga chonchi? Nanga mutu uli kuti?"

Mutu sunaoneke. Mlangizi wa zaulimi, pofuna kundipulumutsa, anati ndi ntchentche, mtundu wopanda mapiko umene umakhala muubweya wa mileme. Mutu imaupindira kumsana, ndipo siikira mazira, imachita kubereka. Pamunthu imangosochera, sichedwa kufa.

Kenako wa tomato uja anafunsa motsitsa mawu, "Ntchentche yobereka. Nanga mapiko akewo anabwereka ndani?"

Maso onse anali pa ine. Kwathu kuno munthu wouluka timamudziwa dzina lake.

Sabata imeneyo thumba silinatuluke ngakhale limodzi. Azimayi ankadutsa patali atakoka ana awo. Ndinabwerera ku Chowe, ndipo mtengo wa udzu umene mkulu uja anatchula ndi umene ndinapereka, pakamwa pali tseke. Udzuwo ndinakauyatsa pamsika anthu akuona, ndikufukiza kofia, malaya, matumba, ndi ine ndemwe, misozi ili chuchuchu.

Ogula anabwerera, wa tomato pomalizira. Koma mpaka lero tikaima pamzere wa swala, mapewa amagundana paliponse kupatula pambali panga. Pamatsala kampata kokwana phiko.