Tall, Taller, Tallest M'munda wa Tiyi

Amuna anga anatisiya Lachinayi, folo koloko madzulo, ku chipatala cha ku Makwasa. Masiku onse nthawi ngati imeneyo ankakhala pakhonde ndi mwana wathu wamkazi, buku lili pamiyendo, akumufunsa za kusukulu. Iwo anafika Fomu 2. Ine ndinalekezera Sitandade 3, ndipo Chingerezi chomwe ndinkadziwa chinali cha pasikelo yoyezera tiyi basi.

Titameta, achimwene anga a ku Nsabwe anandiitanira pambali.

"Mlongo, mwanayu akalephera mayeso a Sitandade 8 ndimutenga. Kumunda kulibe munthu."

Eni mbumba ndi iwowo, sindikanawatsutsa. Ndinangoti tiona.

Atayambanso kupita kusukulu, mwana uja anandiponyera buku pamiyendo.

"Amayi, mundifunse. Ababa ankandifunsa."

"Ndikufunse chiyani poti zilembozi zikungondiyang'ana?"

"Ine ndizinena, inu muzimva ngati ndakhoza."

Anandifotokozera kuti munthu wamtali m'Chingerezi ndi tall. Akaposa mnzake ndi taller. Akaposa onse ndi tallest. Ndinati bwanji osangonena kuti kuposa, nkhani n'kutha? Koma ayi. Mawu ena akatalika safuna mchira, amafuna more ndi most kutsogolo. Ena amasandulikiratu: good, better, best. Ndinamufunsa kuti better ameneyu wachokera kuti, poti sakufanana ndi mayi ake ngakhale mphuno. Anati aphunzitsi akuti ndi mmene zilili. Yankho limenelo linandipsetsa mtima, ndipo limandipsetsabe.

Ndiye ndinapeza njira yanga. Ndinkagwira buku, iye n'kumalakatula. Akadodoma ndinkati bwereza. Akanena mwamphamvu osaphethira ndinkati wakhoza. Mwana wa munthu sanachedwe kuizindikira njirayo. Anayamba kunena chilichonse mokweza, chifuwa chili patsogolo, "bad, badder, baddest," ine n'kumagwedeza mutu ngati gulo, iye n'kuthamangira kokasewera fulaye.

Mwana uja atalemba mayeso a teremu, aphunzitsi a Chingerezi anandiitanitsa. Anali bambo wachikulire, woleza mtima.

"Mayi, kunyumba akumuphunzitsa ndani? Mawu akulembawa kulibe m'dziko lililonse."

"Ndine, aphunzitsi."

Anakanda m'mutu. Ine manyazi analipo, koma mkwiyo ndi umene unachuluka. Ndinawapempha kuti andinenere mawuwo pakamwa, atatuatatu, monga amachitira ndi ana. Anandinenera. Ndinawanyamula m'mutu, ena n'kutayikira panjira ndisanafike kukomboni. Mawa lake ndinabwererako.

Pothyola tiyi timatenga masamba awiri ndi kansonga. Ndinaona kuti dzanja likamatsina zitatuzo, pakamwa pakhozanso kumatchula zitatu. Choncho m'mamawa, dengu lili kumsana, mame akundinyowetsa mpaka m'chiuno, ndinkati "bad, worse, worst," n'kuponya kumbuyo. "Small, smaller, smallest," n'kuponya.

Mnzanga wa mzere woyandikana ndi wanga, mayi wa pakamwa kwabasi, anaima n'kugwira m'chiuno.

"Asisi, maliro aja akuzungulitsani mutu? Mukuyankhula ndi ndani, tiyi?"

"Ndikuwerenga."

"Eee! Anthuni bwerani mudzaone, adona abwerera pa esiteti!"

Mzere wonse unaseka. Akapitawo nawo anafika.

"Madamu, Chingerezi sichilemera pasikelo. Manja, manja! Komanso mukulakwitsa. Amati more better."

More better ndinamunyamula mpaka kusukulu. Aphunzitsi anati ndimutaye msanga asanamumve mwana. Ndinabwerako ndikudziyankhulira ndekha. Chinenero chanji chomwe aliyense ali ndi chake? Wina akuuza ichi, wina akulanda. Beautiful yekha anandiluma lilime sabata yathunthu, ndipo mpaka lero sindimvetsa chifukwa chake big akafuna kuposa mnzake amayamba waonjezera g.

Tsiku lina nditaweruka ndinakhala pakhonde, buku ndalitseka.

"Yamba," ndinamuuza mwana uja.

Anatulutsa chifuwa monga mwa nthawi zonse. "Little, littler..."

"Bodza. Little, less, least. Bwereza."

Anandiyang'ana kukamwa kuli yasa. Kenako misozi.

"Ababa sankandikalipira."

"Abambo ako kulibe. Ndilipo ndine, ndipo amalume ako akusungira khasu ku Nsabwe. Ine ndasanduka choseketsa m'munda monse chifukwa cha iwe. Bwereza."

Anabwereza akusisima. Tinakangana chonchi miyezi yonse yotsalayo. Masamu ndi zina sindikanamuthandiza, koma atadziwa kuti ndikhoza kupita kwa aphunzitsi kukafunsa chilichonse, zondinamiza anasiya.

Zotsatira zitatuluka, dzina lake linalipo. Anamusankhira ku sekondale yoyendera ya kufupi nafe. Achimwene nditawaimbira foni anangoti, "Chabwino, mlongo, ndifuna waganyu," n'kufunsa za mvula.

Ndinkaganiza kuti ndipuma. Koma ku Fomu 1 mwanayu wabwera ndi masamba athunthu oti munthu awerenge kenako ayankhe mafunso, ndipo zimenezo sizinyamulika m'mutu pothyola tiyi. Mnzanga wa pakamwa uja amanditchulabe adona.

Panopa Loweruka lililonse ndikaweruka ndimapita ku sukulu ya kwacha ya kutchalitchi kwathu, kukaphunzira kuwerenga ndekha.